Mwana wa Wosula: Zinthu 13 Zodabwitsa za Dzina la Smith

Kumudzi kwa agogo anga kunali mdala wina amene anafe sitinkalidziwa dzina lake. Khasu likathyoka msuka, nkhwangwa ikabenthuka, agogo ankangoti, "Thamangira kwa osula." Chipala chawo chinali patsinde pa mango, kuseri kwa nkhokwe. Mnyamata ankakhala pansi n'kumavukuta mvukuto wa chikopa cha mbuzi, dzanja ili likamatsika linalo likukwera, mpaka makala kuchita ngwee. Mdalayo ankasolola chitsulo chitafiira psuu, n'kuchigoneka pa chidutswa cha njanji, nyundo n'kuyamba kulira mudzi wonse kumva. Zikwanje ankazisula kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakufa. Ana awo tinkangoti ana a kwa osula, ngakhale uja amene anapita kutauni kukagwira ukalaliki.

Zikanakhala ku England zaka 700 zapitazo, mlembi wa msonkho akanalemba mawu omwewo m'kaundula, ndipo mbumba yonse ija lero bwenzi ili a Smith. Mawu akuti smith pa Chingerezi ndi wosula basi. Dzinali ndilo lofala kuposa onse ku England, ku Scotland, ku America ndi ku Australia. Kalembera wa ku America wa 2010 anapeza a Smith 2,442,977. Mutaphatikiza anthu onse amene kalembera wathu wa 2018 anapeza m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, sakufikabe pamenepo. Koma ambiri mwa a Smith amenewa alibe kholo limene linagwirapo nyundo, ndipo nkhani yagona pomwepo.

1. Smith woyamba kulembedwa sanasiyire mwana wake dzinalo

Munthu woyamba kupezeka m'zolembedwa ndi dzinali ndi Ecceard Smith wa ku Durham, kumpoto kwa England, cha m'ma 975. Nthawi imeneyo Angerezi analibe mayina a banja. Munthu ankakhala ndi dzina limodzi, ndipo zikavuta ankamuwonjezera mawu omulongosola: wamfupi, wa kudambo, mwana wa uje, wosula. Akamwalira, mawuwo ankapita naye kumanda.

Zinasintha William wa ku Normandy atalanda dzikolo mu 1066. Akalonga ake ndiwo anayamba kusiyirana mayina, chifukwa dzina linkayenda ndi malo. Anthu wamba anatsatira mochedwa, ndipo china chimene chinawakankha n'chakuti mayina obatizidwa nawo anachepa modabwitsa. Aliyense ankafuna John, William, Thomas, Richard kapena Robert. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, pa amuna atatu aliwonse mmodzi ankapezeka kuti ndi John. Ukaitana John pamsika, anthu khumi kucheuka. Pofika cha m'ma 1400 mabanja ambiri a ku England anali ndi dzina losiyirana, kaya mwanayo watsata ntchito ya bambo ake kaya ayi.

2. Msonkho ndiwo unakhomerera mayinawa

Boma silikonda munthu wosadziwika bwino, makamaka pa nkhani ya ndalama. Mu 1377, 1379 ndi 1381 mafumu a England anakhometsa msonkho wa mutu kuti apeze zolipirira nkhondo yawo ndi France, ndipo alembi anayenda mudzi ndi mudzi kulemba anthu. Makaundula amenewo alipo mpaka lero, ndipo ofufuza mayina amawasunga ngati dzira. M'zolembedwa zambiri za nthawi zimenezo alembi ankalemba m'Chilatini, kotero wosula ankalembedwa kuti Faber pamene anzake pamudzi ankamuitana Smith.

Msonkho wachitatu uja unautsa mavu pachisa. Alimi anaukira nalowa mu London, ndipo amene anawatsogolera anali Wat Tyler, dzina lotanthauza wofolera nyumba ndi matailosi. Anaphedwa mu June 1381 pamaso pa mfumu Richard II, pa bwalo lotchedwa Smithfield. Mungaganize kuti linali bwalo la osula. Ayi. Dzinalo linachokera ku mawu akale otanthauza bwalo losalala.

3. Anachuluka chifukwa pamudzi anali mmodzi

Izi zimamveka zokhota, koma taganizani. Dzina lolongosola munthu limagwira ntchito ngati likumusiyanitsa ndi anzake. Pamudzi wa alimi okhaokha, kunena kuti John mlimi n'kutaya malovu. Wosula ndiye anali mmodzi, mwina awiri, ndipo panalibe mudzi wopanda iye. Pulawo, zenga, misomali, mahinjesi a zitseko, mipeni, nsapato zachitsulo za akavalo, nsonga za mikondo, zonsezi zinkatuluka m'chipala chake. Midzi masauzande, uliwonse ndi wosula wake, aliyense n'kutchedwa mawu amodzimodzi.

Dzina lakuti Farmer lilipo ndithu, koma poyamba silinkatanthauza mlimi monga mawuwo akumvekera lero. Linali la munthu wopereka ndalama yoikika kwa mwini malo kuti iye azitolera misonkho ndi lendi. Ndiye mukakumana ndi a Farmer musafulumire kuwafunsa za feteleza.

4. Ntchito ina inagawanika patatu n'kuluza mpikisano

England wa kale ankadyera ubweya wa nkhosa. Nsalu ikachoka kwa woluka inkakhala yamafuta ndi yolekanalekana, choncho ankaiika m'chomwera chachikulu muli madzi ndi dothi lapadera, nthawi zina mkodzo wogonetsa, munthu n'kulowamo ndi mapazi kumaiponda tsiku lonse mpaka ichite gwa. Anthu a ntchito imeneyi anali ambirimbiri. Koma kumpoto ankawatcha Walker, kum'mwera chakum'mawa Fuller, kum'mwera chakumadzulo Tucker. Ntchito imodzi, mayina atatu, ndipo mpaka lero mayinawa amachulukabe m'zigawo zomwezo.

Wosula analibe vuto limenelo. Kuchokera kugombe la kum'mwera mpaka kukalowa m'zigwa za Scotland, mawu anali amodzi. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi imene anthu ambiri amaiphonya akamafotokoza kuchuluka kwa a Smith. Amathamangira kunena kuti osula anali olemera, ankabereka ana ambiri, sankapita kunkhondo. Mwina zina mwa izo zinathandizako, koma chachikulu n'chakuti dzinali silinagawane anthu ake ndi lina.

5. A Blacksmith mudzawafuna mpaka kutopa

Lero Mngerezi akafuna kunena wosula zitsulo amati blacksmith, koma mawu amenewa sanasanduke dzina la banja lodziwika. Wosula chitsulo ndiye anali smith weniweni, wosafuna kulongosola. Amene ankafunika chowonjezera ndi amisiri a ntchito zapadera. Goldsmith ankasula golide, Arrowsmith nsonga za mivi, Shoesmith nsapato za akavalo, Brownsmith mkuwa.

Mukangozolowera kumva mayina a Chingerezi motere, nyuzi zakunja zimasanduka kaundula wa amisiri. Taylor ndi telala, Baker wophika buledi, Cooper wokhoma migolo, Fletcher woika nthenga ku mivi. Thatcher ndi wofolera nyumba ndi udzu, ngakhale mayi uja amene analamula Britain kuyambira 1979 mpaka 1990 analitenga kwa mwamuna wake. Iye anabadwa Margaret Roberts.

6. A Smith awiri si pachibale

Kuno a Phiri awiri akadziwana m'basi, asanafike n'komwe pa siteji yotsatira ayamba kale kuitanana achimwene, wina mpaka kugulira mnzake chimanga chootcha. A Smith sachita zimenezo, ndipo sayansi ili kumbali yawo. Mu 2009 Turi King ndi Mark Jobling a pa yunivesite ya Leicester anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa mayina 40 a ku Britain. Anayeza chibadwa chimene mwana wamwamuna amatengera kwa bambo ake okha, chimene chimayenda njira imodzi ndi dzina la banja. Pa dzina losowa ngati Attenborough, amuna oposa 8 pa 10 aliwonse anapezeka kuti ndi mphukira za kholo limodzi. Pa a Smith, zinali ngati wangotola amuna mwachisawawa pamsika.

7. Wosula ankaopedwa, ndipo kwina ankamangitsa maukwati

Munthu wotenga mwala n'kuusandutsa mpeni sangaonedwe ngati munthu wamba. Makolo athu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kung'anjo kunali miyambo ndi zoletsa zake. Angerezi akale nawo anali ndi wosula wa m'nthano dzina lake Wayland, amene mfumu ina inamudula mitsempha ya miyendo kuti asathawe, azisulira iyo yokha. Ku Oxfordshire kuli manda a miyala ikuluikulu otchedwa Wayland's Smithy, ndipo dzinali likupezeka kale m'chikalata cha malo cha mu 955. Anthu a kumeneko ankati ukasiya kavalo pamenepo pamodzi ndi kandalama, n'kuchokapo osacheuka, pobwera upeza kavalo atavekedwa nsapato zatsopano. Chosekesa n'chakuti mandawo anamangidwa zaka zoposa 5,000 zapitazo, anthu a pachilumbacho asanadziwe n'komwe chitsulo.

Nkhani ya ku Gretna Green ndiye si nthano. Kuyambira 1754 lamulo la ku England linaletsa munthu wosakwana zaka 21 kukwatira popanda chilolezo cha makolo. Ku Scotland lamulolo silinkagwira ntchito. Kumeneko kunali kokwanira kuti awiri anene pamaso pa mboni ziwiri kuti atengana. Gretna Green ndiwo unali mudzi woyamba ukangodutsa malire, ndipo achinyamata othawa makolo ankafika pa ngolo za akavalo, thukuta lili kamukamu, bambo a mtsikana ali m'mbuyo ndi mkwiyo wawo. Chipala chinali pamphambano pomwepo. Wosula ankaika pansi ntchito, kuwafunsa mafunso awiri atatu, kumenya nyundo pa chitsulo chosulirapo, ukwati watha. Unkhoswe ndi ubusa, zonse munthu mmodzi wa manja akuda ndi makala. Maukwati otere anathetsedwa mu 1940, koma mpaka lero anthu amapitabe kukakwatirana kumudziko.

8. Ena analamulidwa ndi boma kuti akhale a Smith

Apa ndi pamene dzinali linayamba kumeza anthu a mitundu ina. Mu 1465, mu ulamuliro wa Edward IV, kunatuluka lamulo lakuti anthu a ku Ireland okhala m'maboma ozungulira Dublin azivala ngati Angerezi ndipo atenge mayina a Chingerezi. Lamulolo linapereka ndi zitsanzo zomwe: dzina la tauni, la mtundu wa chinthu monga kuyera kapena kuda, la udindo, kapena la luso monga wosula ndi kalipentala. Ku Ireland kunali kale mbumba yaikulu ya Mac Gabhann, kutanthauza mwana wa wosula m'chinenero chawo. M'zaka mazana otsatira, pamene chinenerocho chinkaponderezedwa, ena analilemba mwa Chingerezi kuti McGowan, ena ambiri analimasulira n'kukhala Smith. M'boma la Cavan dzinali ndi limodzi mwa ofala kwambiri mpaka lero.

Anthu oyendayenda a mtundu wa Romani, amene ambiri ankakhoma zitini ndi kuveka akavalo nsapato, ankamasulira dzina lawo lakuti Petulengro kukhala Smith. Mlaliki wotchuka Rodney "Gipsy" Smith, amene anabadwira mu tenti pafupi ndi London mu 1860, anali wa mtundu umenewu.

Ku America, Majeremani ambiri otchedwa Schmidt anasanduka a Smith, makamaka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene dzina la Chijeremani linkatha kukuchotsetsa ntchito kapena kukuswetsera magalasi a sitolo. Musawaseke: banja lachifumu la Britain nalo linasiya dzina lake la Chijeremani mu 1917 n'kudzitcha Windsor. Pali nkhani imene mabanja ambiri a ku America amaikonda, yakuti akalaliki a pa doko la Ellis Island ndiwo ankasintha mayina a alendo chifukwa cholephera kuwatchula. Olemba mbiri anaitsutsa kalekale. Akalalikiwo ankangowerenga mndandanda wolembedwa kale kumene sitima yachokera. Anthu ankasintha okha mayina pambuyo pake, pofuna ntchito ndi mtendere.

9. Smith amene anagulidwa ndi mowa ndi nsalu

Pa a Smith anayi aliwonse a ku America, pafupifupi mmodzi ndi wakuda. Njira imene dzinali linawafikira ndi yowawa, ndipo munthu mmodzi anatisiyira mbiri yake yonse.

Anabadwira kumadzulo kwa Africa cha m'ma 1729, dzina lake Broteer, mwana wa mfumu. Ali kamnyamata anagwidwa pa nkhondo, ataona bambo ake akuzunzidwa mpaka kufa. Kugombe, kapitawo wa zakudya wa sitima ina, Robertson Mumford, anamugula ndi magaloni 4 a mowa wa nzimbe ndi chidutswa cha nsalu ya kaliko. Popeza anamugula ndi katundu wake wa geni yapambali, anamutcha Venture, mawu amene amalonda ankatchulira mpamba umene munthu waika pa malonda. Taganizani, munthu kutchedwa Mpamba.

Venture anakula kukhala chimphona. Atafika ku America anagulitsidwa kangapo ku Connecticut ndi madera oyandikana nawo, akugwira ntchito ya mbuye masana, usiku n'kumadula nkhuni, kuwedza ndi kulima zake zogulitsa. Mbuye wake womaliza, Oliver Smith, anamulola kudziwombola, ndipo mu 1765 anamaliza kulipira mapaundi 71 ndi masheleni 2. Atamasuka anadzitcha Venture Smith. Kenako anayamba kuwombola banja lake mmodzimmodzi: ana aamuna awiri, mkazi wake Meg, ndi mwana wamkazi. Anafika pokhala ndi malo oposa maekala 100 ku Haddam Neck. Mbiri yake inasindikizidwa mu 1798, ndipo anamwalira mu 1805.

Ukapolo utathetsedwa mu 1865, anthu pafupifupi 4 miliyoni anafunika mayina a banja olembetsa kuboma. Ena anatenga la mbuye wakale kuti abale ogulitsidwa kutali adzawapeze. Ena anasankha dala dzina lofala, losaloza munda wa munthu aliyense. Ndipo enanso analidi osula, chifukwa m'minda ikuluikulu ya akapolo zipala zambiri zinali m'manja mwa anthu akuda.

Pa mndandanda wa a Smith akuda pali James McCune Smith, munthu wakuda woyamba wa ku America kukhala ndi digiri ya udokotala. Kwawo masukulu anamukana chifukwa cha khungu, choncho anakaitenga ku Glasgow mu 1837. Chaka chimenecho mumzinda womwewo munali mnyamata wina wa ku Blantyre wa ku Scotland amene anali atangoyamba kumene maphunziro a zachipatala, David Livingstone. Palinso Tommie Smith, amene atapambana mpikisano wa mamita 200 pa Olimpiki ya 1968 ku Mexico City anaima pa nsanja wopanda nsapato, mutu atazolika, chibakera chovala golovesi yakuda chili m'mwamba.

10. Ferrari ndi Smith wa ku Italy

Pafupifupi chinenero chilichonse cha ku Ulaya chili ndi Smith wake. Ku Germany Schmidt amangopambanidwa ndi Müller, wa chigayo. Ku Poland Kowalski ali pachiwiri, ku Hungary kuli Kovács, ku Russia Kuznetsov, ku Ukraine Kovalenko, ku France Lefebvre, ku Spain Herrero. Aluya ali ndi Haddad. Ferreira wa Apwitikizi, amene abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amamudziwa bwino, anachokera ku malo okumba ndi kusula chitsulo. Ndipo galimoto yofiira ija imene anyamata amaika pa foni ngati chithunzi ili ndi dzina la wosula. Pa ameneyu dzina ndi ntchito zinakumanadi: bambo ake a Enzo Ferrari anali ndi malo osulira ndi kukonzera zitsulo ku Modena.

11. Olemera ankalithawa, mfumu inabisalamo

Dzina likafala limatsika mtengo. Mabanja ena a ku England atapeza bwino anayamba kulemba Smyth kapena Smythe, ena kulimata ku dzina lina ndi kamzere kuti limveke la kumpanda. Nthawi zina kalembedweko kanalidi kakale. Nthawi zambiri kanali matama.

Amene anathawa mwaluso ndi Hugh Smithson, dzina lotanthauza mwana wa wosula. Mu 1740 anakwatira Elizabeth Seymour, amene anadzalandira chuma cha banja lakale lolemekezeka la Percy. Mu 1750 nyumba ya malamulo inamulola kusiya dzina lake n'kutenga la Percy, ndipo mu 1766 anakhala Duke wa Northumberland. Ife tikanati mkamwini wadya bwino. Koma mkuluyu anali ndi mwana wa kutchire, James, wobadwira ku Paris, amene sanamuvomereze poyera. Mwanayo atakula anatola dzina lomwe bambo ake anataya lija. James Smithson anakhala wasayansi wa miyala, sanakwatire, ndipo anamwalira ku Genoa mu 1829. M'wilo yake analemba kuti mwana wa m'bale wake akadzafa wopanda ana, chuma chonse chipite ku America kukayambitsa bungwe lofalitsa nzeru. Zinaterodi. Mu 1838 ndalama za golide zinawoloka nyanja m'mabokosi, zokwana madola oposa 500,000, ndipo mu 1846 kunabadwa Smithsonian Institution, imene lero ndi gulu lalikulu kuposa onse padziko la nyumba zosungira zinthu zakale ndi zasayansi. Mwini wakeyo sanapondeko ku America ali moyo. Mafupa ake ndiwo anapitako mu 1904, atatengedwa ndi Alexander Graham Bell, uja wa telefoni.

Pamene ena ankalithawa, ena ankalifuna chifukwa cha kufala komweko. Mu February 1848 anthu a ku Paris anagwetsa mfumu Louis Philippe. Nkhalambayo inameta ndevu zake za m'masaya, kuvula tsitsi loikirira, kuvala zovala wamba, n'kukwera sitima ya pamadzi. Inatsikira ku Newhaven ku England ikudzitcha Mr Smith. Kuyambira kale ku Britain, mwamuna ndi mkazi akalemba m'buku la hotela kuti Mr ndi Mrs Smith, wolandira alendo amamwetulira chamumtima. George Orwell naye, pofuna munthu wamba woimira aliyense m'buku lake la 1984, anamutcha Winston Smith. Dzina limene linayamba ngati chizindikiro cha munthu mmodzi yekha pamudzi linafika pokhala chigoba chobisaliramo.

12. Amene analosera kutha kwa wosula wa pamudzi anali Smith

Adam Smith anabadwira ku Kirkcaldy ku Scotland mu 1723, mwana wa mkulu wa kasitomu. M'buku lake la mu 1776, The Wealth of Nations, limene ophunzira zachuma amalitcha chiyambi cha phunziro lawo, chitsanzo chimene aliyense amakumbukira ndi cha fakitale ya mapini: anthu 10 atagawana ntchito ankapanga mapini 48,000 pa tsiku. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti m'mutu womwewo anawerengeranso misomali. Wosula wamba wosazolowera misomali, iye anati, angapange 200 kapena 300 pa tsiku, yoipanso. Wozolowera angafike 800 kapena 1,000. Koma anaonapo anyamata osakwana zaka 20, osadziwa ntchito ina iliyonse koma misomali, akupitirira 2,300.

Masamu amenewo ndiwo anatseka zipala. Mafakitale a ku Birmingham ndi Sheffield anayamba kutulutsa zitsulo zotchipa, njanji n'kuzifikitsa kumudzi uliwonse. Wosula anatsala ndi akavalo, ndipo galimoto ndi thirakitala zitabwera, akavalo nawo anapita. Zipala zambiri za m'midzi ya ku England zinasanduka magalaja. N'chimodzimodzi mmene khasu la m'sitolo linaphera ng'anjo za kuno. Mu 2007 Bank of England inaika nkhope ya Adam Smith pa ndalama ya mapaundi 20, pambali pake panali chithunzi cha anthu opanga mapini aja.

13. Lady Smith anali wa ku Spain, Granny Smith anabadwa Sherwood

Dzinali linafika ndi kuno kwathu, ndipo silinabwere ndi nyundo. John Chilembwe ataukira atsamunda pa 23 January 1915, bwanamkubwa amene anali ku Zomba anali George Smith, amene analamula Nyasaland kuyambira 1913 mpaka 1923. Akuluakulu amene anagwirapo ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo akamva dzinali amakumbukira wina: Ian Smith, wobadwira ku Selukwe mu 1919, amene pa 11 November 1965 analengeza ufulu wa azungu ochepa ku Rhodesia. Bambo ake anakulira ku Hamilton ku Scotland, tauni yoyandikana ndi Blantyre wa Livingstone, ndipo ntchito imene ankadziwika nayo inali ya butchala.

Madalaivala a mathiraki opita kudoko la Durban amadutsa pa Harrismith, ndipo akatsika mapiri amaona zikwangwani za Ladysmith. Matauni awiriwa ndi mwamuna ndi mkazi wake. Harry Smith anali msilikali wa Britain amene anadzakhala bwanamkubwa wa Cape kuyambira 1847 mpaka 1852. Mu 1812, asilikali a Britain atalanda mzinda wa Badajoz ku Spain n'kuyamba kufunkha ndi kugwirira, atsikana awiri apachibale anathawira ku misasa ya akuluakulu a nkhondo, makutu akuchucha magazi chifukwa chozulidwa ndolo. Wamng'onoyo, Juana María de los Dolores de León, anali ndi zaka 14 zokha. Patangopita masiku ochepa Harry anamukwatira, zimene lero tikanaitanira apolisi. Ndiye Lady Smith ameneyo. Choncho gulu loimba la Joseph Shabalala, Ladysmith Black Mambazo, limene dziko linalidziwa kudzera mu chimbale cha Graceland mu 1986, lanyamula dzina la wosula wa ku England kudzera mwa mtsikana wa ku Spain, n'kumaimba Chizulu.

Mayi winanso amene analowa m'dzinali ndi ukwati ndi Maria Ann Sherwood wa ku Sussex, amene anakwatiwa ndi Thomas Smith, wogwira ntchito m'minda ya eni. Anasamukira ku Australia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830, n'kudzagula munda wa zipatso kufupi ndi Sydney. Mu 1868, ali gogo, anapeza kamtengo ka apozi katamera kokha m'mbali mwa khwawa, pamene ankatayapo zotsalira za maapozi ena. Zipatso zake zinali zobiriwira, zowawasa, zosaola msanga. Gogoyo anamwalira mu 1870 asanaone kutchuka kwake.

Njere ya apozi siibala mtengo wofanana ndi mayi wake. Kuti upeze chipatso chomwecho uyenera kudula nthambi n'kumezanitsa. Ndiye kuti mtengo uliwonse wa Granny Smith padziko, kuphatikizapo ya ku South Africa imene zipatso zake zimafika m'masitolo ndi m'misika yathu, ndi nthambi ya nthambi ya kamtengo kamodzi ka m'khwawa kaja. Mukadzagula apozi wobiriwira, yang'anani kapepala komatidwa pakhungu lake. Mwa a Smith onse a padziko lapansi, amene ali a kholo limodzi ndi amenewo.